Musayembekeze kuti diso liyambe lapweteka

Lero ndilemba zazitali kuposa masiku onse. Amene mabandulo anu ali pafupi kutha, sungani uthengawu mudzawerenge madzulo mukatha kupakira katundu. Nkhani yake ndi ya maso, ndipo yakhala pamtima panga zaka zitatu.

Ena a inu muwadziwa alongo anga aakulu a ku Chelstone, amene anali kugulitsa salaula. Masiku ano sagulitsanso. Akhala pa mpando pakhonde, adziwa munthu ndi mawu ake, ndipo akafuna kupita ku chimbudzi aitana mdzukulu. Zinayamba ndi tinthu tosekeka. Anali kugunda phewa pa felemu la chitseko m'nyumba yawo yomwe, nyumba imene akhalamo zaka makumi awiri. Anali kupunthwa pa chidebe chili poyera. Pamsika, malaya a m'mphepete mwa mulu anayamba kusowa, ndipo tinamunamizira mtsikana amene anali kuwathandiza. Azimayi anzawo anayamba kudandaula kuti ayamba kunyada, ati munthu awapatsa moni ali chapambali, iwo apitirira ngati sanamuone. Zoona zake sanali kumuona.

Tsiku lina podutsa Great East Road galimoto inawapitira pafupi kwambiri, mpaka chola chinagwa. Nditamva ndinapita kukawaona, ndipo ndinati, “Ba sisi, motoka yonse ija simunaione?” Anandikalipira. “Niona bwino ine. Sinikwanisa kuika kotoni mu nyeleti? Iwe ukwanisa?” Ndipo anaika ulusi pa singano ine ndili kuona, kamodzi chabe. Ndinakhala chete, ndinabwerera ku Kabwata mtima uli pansi, ndi kuuza akazi anga kuti maso a ba sisi ali bwino, dalaivala ndiye anali wothamanga.

Panapita nthawi yaitali tisanawatengere ku chipatala cha maso, ndipo popita tinapita osekerera. Tinali titagamula kale tokha kuti ndi ng’ala. Azakhali athu kumudzi anachitidwa opaleshoni ya ng’ala, m’mawa mwake atachotsa bandeji anayamba kuwerenga nkhuku zawo. Tinasonkha ndalama, tinati nawonso achita chimodzimodzi. Adokotala anawapima nthawi yaitali, kenaka anatikhazika pansi. Anati si ng’ala, ndi glaucoma. Diso lamanzere linali litatha. Lamanja linatsala ndi kadanga kakang’ono pakati, monga mmene munthu aonera akasuzumira pa kabowo ka kiyi. Ndiko kadanga kamene anali kuikira ulusi pa singano. Ndinafunsa kuti opaleshoni idzakhala liti. Anandiyankha mofatsa kuti zimene zapita sizibweranso, nchito yatsala ndi yoteteza kotsalako.

Ndiye anatembenukira kwa ine. “Imwe ndimwe bandani babo?” Ndinati ndine mlongo wawo, mimba imodzi. “Na imwe mupimise maso. Osachedwa.”

Ndiulule pamaso panu. Ndinachedwa chaka ndi miyezi iwiri. Ine amene ndimaima kutsogolo pa Sondo kukuwerengerani mawu ndi kukulangizani. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo zonse muzidziwa chifukwa ndi zanunso. Tsiku la ku chipatala ndi tsiku lopanda malonda. M’mawa ndiyenera kukhala ku Soweto kukapikula nyemba ndi kapenta anzanga asanasankhe zabwino. Diso silinali kupweteka, silinali lofiira, Baibulo ndinali kuwerenga bwinobwino ndi magalasi anga. Koma pansi pa zonsezi panali mantha, ndipo manthawo ndinawaveka chovala cha chikhulupiriro. Ndinali kunena kuti Ambuye andisunga, pamene mumtima ndinali kuopa kumva zimene adokotala adzanena. Akazi anga ndiwo anathetsa nkhani. M’mawa wina ananyamula meda ndi ndalama za chenji, anati lero pa thebulo ndikhala ndine, inu pitani. Anandipeza nayo. Presha ya diso lamanzere inali 27, ndipo mtsempha unali utayamba kudyeka. Ndinalibe chizindikiro ngakhale chimodzi.

Manje ndifotokoze chimene matendawa ali, monga mmene ndamvera pofunsa ndi powerenga, chifukwa dzina lokhalo limatisokoneza. Ena amva glaucoma aganiza za glucose, ati ndi shuga ya m’maso. Iyayi. Dzinali lichokera ku Chigiriki, ku mawu otanthauza mtundu wotuwa wopita kobiriwira, ngati madzi a m’nyanja. Agiriki akale anali kutchula choncho diso la munthu wosaona limene mkati mwake muoneka motuwa, ndipo sanali kusiyanitsa bwino matendawa ndi ng’ala. Kusokoneza kumene ife tinachita pa ba sisi nkwakale kwambiri. Chichewa chathu chilibe dzina lake la matendawa, ndipo ndiganiza kuti chifukwa chake nchakuti saoneka. Ng’ala tinaipatsa dzina chifukwa imayera pa diso aliyense naiona.

Kusiyana kwake ndi uku. Ng’ala ili ngati windo lachita nkhungu. Adokotala achotsa kagalasi kachibadwa kamene kayera, aikapo kena, munthu aonanso. Glaucoma iwononga mtsempha wa kumbuyo kwa diso, umene utenga zonse zimene diso laona ndi kuzipereka ku ubongo. Mtsemphawu uli ndi tiulusi toposa 1 miliyoni. Kaulusi kakafa kafa, sikaphukanso, ndipo palibe dokotala ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku London amene angakalumikize. Ndiye chifukwa chake pa dziko lonse, pa matenda ochititsa khungu losabwezeka, glaucoma ndiyo ili patsogolo.

Chimene chimapha tiulusito kawirikawiri ndi presha ya m’diso. Mkati mwa diso, kutsogolo, muli timadzi toyera. Si misozi ayi, misozi ili kunja. Timadziti diso limatipanga usana ndi usiku, ndipo timatuluka kudzera mu tingalande tating’onoting’ono tozungulira m’mphepete mwa mbali yakuda ya diso. Inu a mu Lusaka simufunika kuuzidwa chimene chimachitika ngalande ikatsekeka. Mwaona ku Kulima Tower mvula ikagwa mu Januwale, anthu avula nsapato, ena akwera pa wilibala kuti awoloke. Mvula ndi yomwe ija ya chaka chilichonse, koma njira ya madzi yadzala ndi mapulasitiki, ena mwa iwo otayidwa ndi ife tomwe amalonda. M’diso namonso, timadzi tikamalowa koma tosatuluka bwino, presha ikwera. Kusiyana kwake nkwakuti diso ndi lotsekeka ngati mpira, madzi alibe kosefukira, ndiye akankha malo ofooka, amene ndi mtsempha uja. Mwa anthu ambiri presha ya diso imakhala pakati pa 10 ndi 21. Koma musadalire nambala yokha: alipo ena amene mtsempha wawo umadyeka presha ili yabwinobwino, ndiye chifukwa chake wopima ayenera kuyang’ananso mtsemphawo.

Ndipo chonde, presha ya diso si BP. Mayi wina wogulitsa repu ndi chibwabwa pafupi nane anandiuza kuti iye alibe nazo nchito izi chifukwa BP yake anapima pa kiliniki ili bwino. Makina omanga pa mkono sadziwa za m’diso. Munthu akhoza kukhala ndi BP yabwino ngati ya mnyamata, diso lili kutha.

Funso limene ine ndinalifunsa, ndipo inunso mulifunsa, ndi ili: munthu angataye bwanji maso osadziwa? Glaucoma ya mtundu umene uli wofala pakati pathu siipweteka, ndipo iyamba kudya m’mbali, pakati isiya komalizira. Malo amene afa saoneka akuda ngati wazimitsa magetsi. Ubongo umadzazapo wokha ndi zimene uganiza kuti zilipo, ndipo diso linalo limathandizira. Mwana akhoza kuima pambali pako, iwe uona khoma chabe, ndipo ukhulupirira ndi mtima wonse kuti waona zonse. Amene timagulitsa nyemba tidziwa za anankafumbwe. Thumba la kabulangeti lili chiimire pakona, lodzala, losokedwa bwino. Ukalitsegula mochedwa upeza fumbi ndi makoko. Wamalonda wanzeru sayembekeza kuti thumba limuuze, amalowetsa dzanja mkati nthawi ndi nthawi.

Ulipo mtundu wina umene umabwera mwaukali: diso lipweteka kwambiri mwadzidzidzi, lifiira, mutu uwawa, munthu achita mseru kapena kusanza, aona ngati utawaleza kuzungulira magetsi, ndipo maso achita mdima. Zikatero si nkhani ya mawa, si nkhani ya Panadol. Pitani ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa diso likhoza kutha m’masiku ochepa. Ndipo ana ena amabadwa nayo. Khanda la maso aakulu modabwitsa, otuluka misozi nthawi zonse, loopa kuwala, maso ooneka ngati achita nkhungu, musalitame chabe kuti lili ndi maso okongola. Lionetseni kwa adokotala.

Tsopano mbali imene inandiwawa nditaimva. Matendawa atikonda ife anthu akuda. Kafukufuku amene anachitika mu mzinda wa Baltimore ku America, amene anafalitsidwa mu 1991, anapeza kuti anthu akuda anali nayo kanayi kapena kasanu kuposa azungu a msinkhu womwewo. Imatiyamba tikali ocheperako zaka, ndipo imathamanga. Akatswiri ena mu 2014 anawerengera kuti pofika 2020 anthu pafupifupi 76 miliyoni pa dziko lonse adzakhala nayo, ndipo pofika 2040 adzapitirira 111 miliyoni. Anapezanso kuti mtundu wosapweteka uja ndi wofala kwambiri mu Africa kuposa kwina kulikonse, anthu 4 pa 100 alionse a zaka za pakati pa 40 ndi 80. Werengani mitu ya akuluakulu m’tchalitchi pa Sondo, muone kuti ndi angati a ife. Ndipo ambiri mwa iwo sadziwa.

Imayendanso m’magazi. Ngati bambo anu, mayi anu, mkulu wanu kapena mlongo wanu ali nayo, mwayi woti inunso muli nayo ndi waukulu kangapo. Nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti agogo athu aamuna kumudzi anamwalira osaona, maso awo ali oyera bwino opanda ng’ala, ndipo mudzi wonse unati anawalodza chifukwa cha mlandu wa munda. Mabanja awiri sanalankhulane mpaka imfa. Lero ndikaganiza za nkhani ija ndimachita manyazi m’malo mwa akufa. Enanso oyenera kusamala ndi a matenda a shuga, amene anavulalapo diso ngakhale kalekale, ndi amene saona patali kuyambira ubwana navala magalasi okhuthala.

Apa ndifuna kunena maganizo anga, ndipo ena a inu simudzakondwa. Chimene chatipweteka ife a pamsika ndi magalasi a pa msewu. Munthu akafika zaka 40 kapena 45, zilembo zazing’ono ziyamba kuthawa, foni aigwira patali. Izi ndi zachibadwa, ukalamba chabe, si glaucoma. Makasitomala anga a ku Kabulonga ndi ku Woodlands zikawachitikira apita kwa opima maso, ndipo kumeneko kawirikawiri asanapatsidwe magalasi amawapima presha ndi kuwayang’ana mkati mwa diso. Matenda ngati alipo agwidwa pomwepo, mwangozi. Ife timapita ku Cairo Road kapena ku City Market, kwa mnyamata amene wayala magalasi pa bolodi. Tiyesa awa, tiyesa awo, tiwerenga kapepala ka nyuzi, tilipira makwacha ochepa, basi. Magalasiwo agwiradi nchito, sindinama, inenso ndinali nawo ndipo ndinali kuwerengera nawo kalata ya Paulo osaphonya. Mnyamatayo sanalakwe, afuna chakudya ngati ife. Koma tsiku limene thupi linatipatsa chifukwa chopitira kwa wodziwa maso, ife tinalithera pa msewu. Ndiye matenda sasankha Kabulonga kapena Kabwata, koma khungu limasankha, chifukwa wina amudziwitsa msanga, wina amudziwitsa atatha.

Chachiwiri ndi mankhwala odontheza m’maso ogula tokha. Pamsika pali fumbi, pali utsi wa malasha, maso amayabwa ndi kufiira. Timathamangira ku kadirakisitolo ka mukomboni ndi kunena kuti tipatseniko twa m’maso. Ena mwa mankhwalawo muli steroid, monga dexamethasone kapena betamethasone. Amachotsa kufiira msanga, ndiye timawakonda ndi kugulanso, miyezi ndi miyezi. Mwa anthu ena mankhwala otere amakweza presha ya diso mpaka kubweretsa glaucoma pamene panalibe. Azimayi, mundikhululukire, koma ndinene: mafuta ena oyeretsa khungu nawonso muli mankhwala a mtundu womwewo, ndipo mumawapaka kumaso, pafupi ndi maso, tsiku ndi tsiku. Za kuthira mkaka wa m’mawere, madzi a shuga, mikodzo kapena masamba m’diso, sindifuna ngakhale kutayapo nthawi. Lekani.

Chachitatu ndicho chandichititsa kulemba nkhaniyi pa tsamba la mapemphero. Ba sisi atapatsidwa mankhwala oteteza kadanga kaja, anadontheza miyezi ingapo. Kenaka mnansi wina anawatengera kwa munthu wina wa mapemphero, amene dzina lake ndi malo ake sinditchula. Anawagulitsa kabotolo ka mafuta, nawauza kuti kupitiriza mankhwala a ku chipatala ndi kukayikira Mulungu. Analeka osatiuza. Ndipo ndimvetsa chifukwa chake analeka, chifukwa mankhwala a glaucoma ali ndi vuto ili: sakuonetsa kuti agwira nchito. Wa malungo akamwa mankhwala thupi lizizira, aona yekha. Wa glaucoma adontheza mwezi wathunthu, maso ali chimodzimodzi, nthawi zina mankhwala alumaluma. Phindu lake ndi lakuti chaka chamawa udzaonabe zimene uona lero. Ndi phindu lovuta kuligulitsa pamene wina pambali alonjeza kuti pa Chisanu usiku udzaona zonse. Pamene tinazindikira, patapita miyezi isanu ndi iwiri, kabowo ka kiyi kanali katatsekeka.

Sindinyoza pemphero. Ndimawapempherera ba sisi masiku onse, ndipo sindiika malire pa zimene Mulungu angachite. Koma werengani nokha Yohane mutu 9. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona, chimene chinawafulumira pakamwa ndi kufuna wolakwa, kaya iye mwini kaya makolo ake. Ndife tomwe aja, a mlandu wa munda. Ambuye anakana zonse ziwiri. Ndiye taonani mmene anamuchiritsira: anamupaka thope m’maso namutuma kukasamba ku thamanda la Siloamu. Munthu wosaona, thope lili kumaso, kuyenda m’misewu ya Yerusalemu kufunafuna thamanda. Panali ulendo woti ayende ndi mapazi ake. Akanakhala pansi ndi kunena kuti wakhulupirira kale, kusambako nkosafunika, sindidziwa ngati nkhani yake ikanalembedwa. Ife Aangilikani timawerenganso buku la Siraki, ndipo mutu 38 umalangiza kulemekeza sing’anga chifukwa nzeru zake ndi mankhwala ake zichokera kwa Mulungu. Umauza wodwala kupemphera ndiponso kumpatsa sing’angayo malo ake. Nthawi zina timauwerenga pa 18 Okutobala, tsiku la Luka Woyera, amene iyenso anali dokotala. Mpingo wathu unamanga zipatala, ndipo St Francis ku Katete ambiri a ife akum’mawa tinabadwirako kapena tinagonekako abale. Aliyense wokuuzani kuti musankhe pakati pa Mulungu ndi kabotolo ka mankhwala, mufunseni chifukwa chake iye amavala magalasi powerenga Baibulo.

Ine usiku uliwonse ndikatha pemphero la madzulo ndimadontheza. Kabotolo kamakhala pamwamba pa buku la mapemphero kuti ndisaiwale chimodzi mwa ziwirizi. Dontho limodzi m’diso, kenaka nditseka maso ndi kukanikiza pang’ono ndi chala pakona ya diso ya kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kuti mankhwala akhale m’diso asatsikire kukhosi. Dontho limodzi likwana, lachiwiri limangotayikira patsaya, ndipo ndalama ndi zanu. Mankhwala alipo a mitundumitundu. Ena monga timolol amachepetsa timadzi timene diso lipanga, ena monga latanoprost amathandiza kuti tituluke bwino. Musabwereke a mnzanu, chifukwa timolol akhoza kuvulaza munthu wa mphumu kapena wa mtima wogunda pang’onopang’ono. Muuzeni dokotala matenda anu onse. Mankhwala akalephera pali laser, palinso opaleshoni yotsegulira timadzi njira yatsopano. Ambiri amathawa akamva opaleshoni, ati wakutiwakuti anachitidwa koma sanaone. Sanaone chifukwa opaleshoni ya glaucoma siibweza maso, imasunga otsala, ndipo ambiri amavomera mochedwa pamene chosunga palibe.

Za ndalama sindidzakunamizani. Mankhwalawa ndi a moyo wonse, ndipo ilipo miyezi imene ndapita kukatenga ndi kupeza kulibe, ndiye ndagula ndekha ndi ndalama ya oda. Mwezi wa Januwale, ana afuna za kusukulu, malonda ali pansi, kabotolo katha, mayesero amabwera oti ndidumphe masabata awiri, pakuti palibe chimene ndimva. Ndi pamenepo ndimapita ku Chelstone kukakhala pakhonde ndi ba sisi. Amalonda anzanga, timachita chilimba cha mapoto, cha mabulangeti, cha Khirisimasi. Chilimba cha mankhwala chingatikanike? Ndipo kwa atsogoleri a mipingo yathu, a Mothers’ Union, a bungwe la azibambo: timasonkha msanga za maliro, nkhata ndi basi yopita ku Leopards Hill zimapezeka tsiku limodzi. Ndipempha kuti thumba la odwala liziona za munthu amene akali moyo ndipo afuna kabotolo kamodzi pa mwezi kuti asakhale wosaona. Mwezi wa Malichi chaka chilichonse pamakhala sabata yokumbukira glaucoma pa dziko lonse. Tili ndi anamwino ndi madokotala m’mabenchi athu omwe. Sondo imodzi ya mwezi umenewo tingawapatse mphindi khumi pambuyo pa zolengeza.

Palinso tinthu tating’ono timene ndaphunzira poyenda ndi munthu wosaona. Musamukoke dzanja ngati mbuzi, mulekeni iye agwire chigongono chanu, inu mukhale patsogolo pang’ono. Mukalowa nenani dzina lanu, za “ndine ndani, lotani” zimawawa. Mukachoka nenaninso, asapitirize kulankhula ndi mpando. M’nyumba musasunthe zinthu osamuuza. Masitepe a tchalitchi tingawapake utoto woyera m’mphepete, chitini chimodzi chikwana, chifukwa amene ali ndi glaucoma amavutika kuona pamene sitepe yathera, makamaka pochoka pa dzuwa kulowa mu mthunzi. Ndipo musaleke kuwatuma nchito. Ba sisi nyimbo zonse za m’buku ali nazo pamtima, koma chichokereni maso palibe amene wawapempha kuti ayambitse nyimbo pa maliro kapena pa msonkhano wa azimayi. Amanena okha kuti chimene chimawapweteka kwambiri ndi chimenecho.

Kupima kwake sikoopsa, ndinaopa pachabe. Amakudonthezera mankhwala oziziritsa diso, kachipangizo kakhudza diso pang’ono osamva kanthu, kapena makina ena amangopemerera kamphepo. Kenaka ayang’ana mtsempha ndi tochi yawo. Nthawi zina amadontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso, ndipo maola angapo uona mwachimbuuzi, choncho tsiku limenelo musayendetse galimoto ndipo musawerenge chenji nokha. Pali makina ena oika mutu m’kati, uyang’ana kadontho pakati, ukaona kakuwala kwina kulikonse utobwanya batani. Pepala limene limatuluka limaonetsa malo amene afa. Langa lili ndi kamthunzi pamwamba chakumphuno, kamene ine mwini sindikaona mpaka lero. Kuwerenga zilembo za pa khoma kokha sikukwana. Ba sisi ndi kadanga kawo kaja akanatha kuwerenga mizere yambiri. Nenani momveka kuti mufuna akupimeni presha ya diso ndi kuona mtsempha.

Kopita kulipo. A ku Kabwata, Libala, Chilenje ndi Woodlands, chipatala cha maso cha UTH chili pafupi nafe, pa Nationalist Road. A ku Chelstone, Avondale ndi Kaunda Square, Levy Mwanawasa ili pa Great East Road pomwe mumadutsa popita ku tauni. Ku Makeni kuli Lusaka Eye Hospital ya a Seventh-day Adventist. Yambirani pa kiliniki ya kwanu mupemphe kalata yokutumizani, ndipo amene muli ndi NHIMA nyamulani khadi mukafunse zimene ikulipirirani. Ngati mwapitirira zaka 40, pitani ngakhale muona bwino, ndipo muzibwererako pakapita chaka kapena ziwiri. Ngati m’banja mwanu muli wina amene ali nayo, kapena wina amene anachita khungu popanda ng’ala yooneka, musayembekeze zaka 40. Ndipo inu amene anakupezani nayo kale koma mwabisa, imbirani abale anu a mimba imodzi lero, ndi ana anu aakulu. Ndidziwa kuti sitikonda kuulula matenda, timaopa kuti anthu adzatiyesa otha nchito. Ine ndaulula pano pa Facebook pamaso pa makasitomala anga, ndipo mawa meda ndidzadzaza chimodzimodzi.

Ba sisi ali ndi ana anayi. Awiri anapimitsa, mmodzi wa iwo anamupeza presha yokwera ndipo amuyang’anira. Wachitatu ali ku Kitwe, alonjeza mwezi ndi mwezi. Woyamba kubadwa, wa zaka 41, ayendetsa minibasi ya ku Chelstone, ndipo ndiye wakhala akukana koposa onse, ati akamupeza nayo adzamulanda laisensi, ana adzadya chiyani. Ndamuuza kuti ikapezeka msanga ndi pamene angayendetse zaka zambiri, ndipo ndamukumbutsa kuti m’basi mwake mumakwera ana a sukulu, ndipo wodutsa msewu amachokera chapambali. Sabata yatha wavomera.

Pa Chiwiri likudzali ndi tsiku langa lokaonedwanso, ndipo ndipita naye. Akazi anga adzakhala pa thebulo. Amene mufuna kuti tipitire pamodzi, mundipeze pa geti la msika wa Kabwata 06:00 isanakwane, chifukwa mzere umayamba m’mamawa. Nyamulani NRC, kabuku ka ku kiliniki, mankhwala alionse amene mumadontheza kapena kumwa, ndi kachakudya m’chola. Amene mulibe wokusiyirani malonda, lembani pansipa, tione ngati a mzere wa tomato angakuyang’anireni mpaka masana.